Phala Losasefa

Amayi anayamba ndi kukana nsomba yowamba. Ankati minga ikuwabaya pakhosi, chonsecho ndinali nditaichotsa yonse ndi zala zanga. Kenako anakana mpunga, kenako chinangwa chophika. Pofika mwezi wa Ogasiti, chaka chimene ndinalemba mayeso a Sitandade 8 kachiwiri, ngakhale phala lamadzimadzi linkangoima pachifuwa n'kubwerera. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, woyamba mwa ana anayi, ndipo pakhomo pathu, kumtunda kwa Mponda, wodziwa kuwerenga ndinali ndekha.

Abambo ankakhala kwambiri ku Nkhudzi, kumene kunali ngalawa yawo ndi mkazi wawo wachiwiri. Choncho amene anatitengera kuchipatala anali amjomba, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Iwo anali msodzi, munthu wa mawu aukali, ndipo ine chibadwire ndinali ndisanawayang'anepo kumaso.

Kuchipatalako amayi anawaika botolo la diripi. Tsiku loyamba maso awo anayera, tsiku lachiwiri anandifunsa ngati mbuzi tinazisiyira munthu. Koma mitsempha ya m'manja inkaphulika umodziumodzi. Anesi anasamukira kudzanja lina, kenako kuphazi. Tsiku lachisanu adokotala anatiitana m'kachipinda kawo, ine ndi amjomba. Anatiuza kuti m'njira ya chakudya muli chotupa, ndipo kuchichotsa sikungatheke. Chimene chinatsala n'kupeza podutsira chakudya, kuti amayi akakhale kunyumba ndi ana awo.

Ndinali ndi funso limene ndinakhala nalo masiku onse asanu. Ndinalifunsa ndikuyang'ana zala zanga za kuphazi.

"Pepani adokotala, kodi sizingatheke kutipatsa mabotolo aja tikawaike tokha kunyumba? Ndaonetsetsa mmene amachitira anesi."

Sanandiseke. Anati, "Diripi si chakudya, mwanawe. Ndi madzi, shuga ndi kamchere basi. Kunja kumene ndinaphunzira amaboola apa," anadzigwira pansi pa fupa la pakhosi, "n'kulowetsa kapaipi mumtsempha waukulu wa pafupi ndi mtima. Chakudya chimabwera m'matumba, chosungunula kale, ndipo wodwala amatha kupita nacho kwawo. Koma zimenezo zimafuna firiji, magetsi, ndi manja oyera ngati a m'chipinda cha opaleshoni. Kachilombo kamodzi kakalowa mmenemo kamafika kumtima tsiku lomwelo. Kwanu kuli firiji?"

"Kulibe, pepani," ndinatero, ngati kuti ndinalakwa ndine.

Anatsegula kabati n'kuika mapaipi awiri patebulo. Ina inali yofiira, ya labala, yonenepa ngati chala changa chaching'ono. Kapaipi kenako kanali koonekera mkati, kowonda ngati udzu wofolerera nyumba. Yofiirayo, anatero, amailowetsa pamimba penipeni, atang'amba pang'ono. Imalandira phala lolimbirako ndipo sitseka wambawamba. Koma opaleshoni yake inali ya ku Blantyre, ndipo kumeneko kunali mzere. Kowondako akanatha kukalowetsa tsiku lomwelo, kudzera m'mphuno, n'kukadutsitsa pambali pa chotupa mpata ukadalipo.

"Koma mumvetse bwino," anatero. "Mpatawo ukuchepa tsiku ndi tsiku. Lero kalowa. Kakadzatuluka, kapena kakadzatseka mpaka kufunika kukachotsa, sindikulonjeza kuti kena kadzalowanso."

Amjomba anakankhira kutali paipi yofiira ija ndi nsonga ya chala. "Mlongo wanga sang'ambidwa pamimba ngati kampango. Ku Blantyre anthu amapita ndi miyendo, amabwerako atakulungidwa."

Adokotala anatembenukira kwa ine. "Wodyetsa ukhala iwe. Ukuti bwanji?"

Mumtima ndinkafuna yofiira. Mawu akuti "sitseka wambawamba" ndinawamva bwino lomwe. Koma amjomba anali pambali panga, ndipo ndinkamva kupuma kwawo. Ndinaloza kowondako. Sindinakaloze chifukwa chokakhulupirira ayi. Ndinakaloza chifukwa ndi kamene sikakanakhumudwitsa munthu aliyense m'chipindamo.

Amayi anavutika pokalowetsa, misozi ili mbwembwembwe, koma kanalowa. Anesi anakamata patsaya ndi pulasitala, ndipo anandiphunzitsa ntchito yanga masiku awiri. Anali mayi wa ku Dedza, wolankhula mofulumira. Anandipatsa jakisoni wamkulu wagalasi, wopanda singano.

"Ndi mmodzi yekhayu. Ukamuswa usabwere kuno ukulira," anatero. "Lemba. Chilichonse usefe kawiri pansalu. Kawiri, wamva? Madzi ofunda poyamba, madzi ofunda pomaliza. Kakalimba usakakamize. Ndipo aliyense, kaya ndi mfumu kaya ndi shehe, asakakoke."

Ndinalemba zonsezo kumbuyo kwa kope langa la masamu, n'kung'amba tsambalo, n'kulipinda kanayi.

Masabata asanu ndi limodzi oyamba kunyumba zinthu zinayenda. Ndinkaphika phala la ufa woyera, lopyapyala ngati tiyi, n'kuthiramo mkaka wa mbuzi, tsiku lina dzira, tsiku lina msuzi wa usipa. Nsalu zosefera ndinazidula ku bulauzi yanga ya sukulu, ndipo ndinkaziwiritsa m'mawa uliwonse. Ndinkawadyetsa kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndikuyang'ana mthunzi wa nkhokwe m'malo mwa wotchi. Amayi anabwerera m'thupi pang'ono. Anayamba kukhala pakhonde, kusankha nyemba, kukalipira ang'ono anga. Mawu awo anali osasa, koma nthabwala sizinawathere.

"Ndakalamba n'kusanduka njovu," ankatero. "Anzanga akudya ndi pakamwa, ine ndi chitamba."

Koma m'mudzi munali nkhani ina. Zaka ziwiri m'mbuyomo, pa sadaka ya agogo anga a kuchimuna, amayi anakangana ndi mkazi wachiwiri wa abambo, amene ife tinkawatchula kuti amayi aang'ono. Chimene anakanganira sindinachidziwe bwino. Koma tsiku limenelo anadya m'mbale imodzi, ndipo matenda atayamba anthu anakumbukira mbale imeneyo. Kuchitsime ndinkamva akunong'ona kuti, "Anawadyetsa." Ndikafika ankasintha nkhani. Amayi eni ake sanatchulepo mawu amenewo, ngakhale kamodzi.

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litangokwera pang'ono, amayi aang'ono anatulukira. Anali okha, bakuli lokulunga m'chitenje lili pamutu, fumbi lili m'miyendo mpaka m'mawondo. Anali munthu wamfupi, wamanyazi ngati ine ndemwe. Anaima patali n'kupereka salamu, ndipo amayi anayankha n'kundiuza kuti ndiyale mkeka.

Mphindi zochepa chabe, pakhonde pathu panadzaza. Amayi a m'nyumba zoyandikana anabwera mmodzimmodzi, wina ati wadzabwereka lichero, wina ati wadzazonda odwala. Anakhala mondandalika, miyendo ili tambalale, maso ali pabakuli.

"Achemwali, ndachedwa kubwera," anatero amayi aang'ono. "Si mtima ayi. Ndimaopa kuti mwina simundilandira."

"Mwafika, basi," anayankha amayi. "Ana ali bwanji kunyanjako?"

Atatha kufunsana za ana, amayi aang'ono anamasula chitenje chija. M'bakulimo munali phala la mgaiwa lothira nsinjiro, likadali lofunda. Anati anamva kwa abambo kuti odwala amafuna lamadzimadzi, ndiye analisungunula bwino, ndipo ufa wake anausefa okha. Kenako anachita zimene munthu wobweretsa chakudya amachita kwathu akadziwa kuti akukayikiridwa. Anatchula Bisimila mokweza, natunga sipuni yodzaza n'kumeza. Anatunganso yachiwiri, ndi yachitatu. Anatembenuza sipuniyo kuti onse aone kuti yatha. Kenako anakankhira bakuli lija kwa ine.

"Mwanangu, apatse amako. Ine sindidziwa kagwiridwe ka zipangizo zanuzo."

Ndinayang'ana m'bakulimo. Phalalo linali lopyapyaladi, koma pamwamba pake pankayandama timadontho tofiirira ta makoko a mtedza, ndipo m'mbali mwa sipuni munatsalira timisere ta gaga. Sefa wa ufa ndi nsalu n'zosiyana. Iwo sakanadziwa zimenezo.

Ndinati, "Ndikalisefeko kaye kuseri." Koma mawu anga anatuluka pang'ono kwambiri moti anamva ndi amayi okha. Anandigwira padzanja n'kundikokera pafupi ngati akufuna kuti ndiwakonzere mpango.

"Ukapita nalo kuseri, amayi ali apawa anena kuti tikufunafunamo mankhwala," anandinong'oneza. "Thira pompano."

"Amayi, muli gaga."

"Ndaona. Ine kulibe, ang'ono ako nsomba adzaidya kwa yani? Thira."

Lero ndimadziwa kuti njira inalipo. Ndikanatha kubweretsa nsalu zanga pakhonde pomwepo, n'kusefa onse akuona, n'kunena mokweza kuti ndi lamulo la kuchipatala pa chakudya cha munthu aliyense. Ndi mawu ochepa chabe. Koma pakhondepo panali akuluakulu asanu ndi atatu, ndipo ine ndinali ndisanalankhulepo mokweza pamaso pa akuluakulu. Ndinasamba m'manja, ndinathira madzi ofunda monga mwa nthawi zonse, kenako ndinakoka phala lija m'jakisoni.

Jakisoni woyamba analowa bwinobwino. Amayi anamwetulira n'kunena kuti, "Lafika. Lakoma, achemwali, ngakhale lilime silinalawe." Anthu ena anaseka, ndipo amayi aang'ono anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Wachiwiri analowa molemera. Wachitatu anayenda pang'ono n'kuima.

Ndinakankha pang'onopang'ono. Palibe. Ndinakoka. Palibe. Ndinachotsa jakisoni, n'kumutsuka, n'kukoka madzi ofunda, n'kuyesanso. Zinali ngati ndikukankha khoma.

"Chavuta n'chiyani, iwe?" anafunsa mayi wina wachikulire wa nyumba ya kuseri kwathu.

"Katseka," ndinatero.

Kenako wina, sindinaone kuti ndani, anangoti, "Mwaona?"

Amayi aang'ono anayang'ana uku ndi uku. "Koma ndalawa ine. Mwandiona nonse ndikulawa."

Ananyamuka pamkeka paja n'kukakhala okha pansi, pafupi ndi nkhokwe, padzuwa.

Amjomba anali kudooko akusoka ukonde. Atamva anabwera akuthamanga, ndipo atandifunsa mafunso awiri okha anakwera njinga kulunjika kumsewu waukulu kukafuna galimoto. Ine ndinatsala ndikuyesayesa. Madzi akazizira ndinkafunditsa ena. Ndinkakankha pang'ono, kukoka pang'ono, kudikira. Ndinatulutsa pepala langa lija n'kuliwerenganso. Linkangonena zomwe zija: kakalimba usakakamize. Zoti kakakanirira uchitenji, ndinali ndisanafunse, ndipo anesi sanandiuze.

Amjomba anabwerera dzuwa lili paliwombo, malaya atanyowa ndi thukuta. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango.

"Galimoto kulibe," anatero. "Malole onse, ndi a matola omwe, awatenga akanyamule amayi ovina kumsonkhano wa chipani. Mpaka mawa madzulo." Anatsitsa mawu. "Anyamata a malaya ofiira ali pamphambano. Andifunsa khadi. Andifunsanso kuti amayi a m'mudzi muno akutani pakhonde pamene anzawo akuvina."

Masiku amenewo munthu sankayankha funso ngati limenelo, ndipo sankadandaula mokweza za galimoto. Amayi anayi ananyamuka nthawi yomweyo, wina mpaka kuiwala lichero limene anati wadzabwereka. Anatsala anayi, okalamba okhaokha.

Kuwakweza amayi panjinga sikukanatheka. Sakanapirira mtunda wonsewo padzuwa la Okutobala. Komanso ndinkadziwa chimene akanachita kuchipatala: kukachotsa n'kuyesa kulowetsa kena. Panali patatha masabata asanu ndi limodzi chinenereni adokotala kuti mpata ukuchepa tsiku ndi tsiku. Masiku amenewo ngakhale malovu amayi ankalavulira m'kachitini.

Tinawalowetsa m'nyumba chifukwa cha kutentha. Chiyambire m'mawa m'mimba mwawo munali mutangolowa madzi pang'ono ndi phala lija. Milomo inayamba kuuma n'kuchita mikwingwirima yoyera. Ndinkanyowetsa kansalu n'kuwapukuta pakamwa, iwo n'kumakayamwa, kenako n'kulavula. Nthabwala zinatha. Ankangotseka maso n'kutsegula, kundiyang'ana, n'kutsekanso.

Amjomba analowa atanyamula chingwe cha nayiloni, cha mbedza zazikulu.

"Paipi ya mafuta ya injini ikatseka timatokosa ndi ichi," anatero. "Patuka."

"Amjomba, pepani, chingaboole kapaipi m'kati. Kapena chingawabaye."

Anaima n'kuchiyang'ana chingwecho, n'kuchiponya pansi. Ndinayesa kuti andimvera. Koma anagwada pambali pa mphasa n'kupinda manja a malaya.

"Ndiye tikazule. Tikatsuke bwinobwino pabeseni, tikabwezere. Chovuta n'chiyani? Ndinalipo pamene ankalowetsa. Angokankha basi, munthu n'kumameza."

"Adokotala anati…"

"Adokotala ali kuno? Mlongo wanga afe ndi ludzu nyanja ili apo?"

Zala zawo zinafika patsaya la amayi n'kuyamba kumatula pulasitala. Ndinamva kaphokoso kake, kakang'ono, ngati munthu akung'amba tsamba la nthochi. Amayi anatsegula maso koma analibe mphamvu zolankhula.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangoona dzanja langa litagwira mkono wa amjomba. Kwathu mtsikana wovinidwa sakhudza mjomba wake, sakhala naye ngakhale pamkeka umodzi. Mkonowo unali wolimba ngati nkhafi, ndipo akanafuna akanandikankhira kukhoma ndi chala chimodzi.

"Amjomba, ayi."

"Wati chiyani?"

"Ayi. Kakatuluka sikalowanso. Adokotala anatero inu muli pomwepo."

Amayi okalamba aja anali pakhomo, akusuzumira. Wina anati, "Astaghafirula, mwana uyu!"

Amjomba anayang'ana dzanja langa, kenako nkhope yanga. Linali tsiku loyamba kuona kuti diso lawo lamanzere linali ndi kachipsera. Koma sindinawasiye.

"Sitandade eyiti kawiri, ndiye wasanduka dokotala?" anatero. "Mayeso akukukana, koma mjomba wako ukumugwira mkono?"

"Pepani, amjomba. Mundimenye bwino lake. Koma ichi chokha ayi."

Anachotsa zala zawo papulasitala paja pang'onopang'ono. Anaimirira, nakutumula fumbi m'mawondo.

"Chabwino. Akafa, pamaliro udzayankhe ndiwe."

Anatuluka n'kukakhala pansi pa mango. Ine ndinamatanso pulasitala uja. Sankagwira bwino chifukwa cha thukuta, ndiye ndinadula wina pa kachidutswa komaliza kamene tinatsala nako. Kenako ndinakhala pansi, jakisoni ali pamiyendo, osadziwa chochita china. Ndinali nditaletsa njira ya amjomba, koma yanga ndinalibe.

Mthunzi unagwa pakhomo. Anali amayi aang'ono. Nkhope yawo inali itapsa ndi dzuwa, chifukwa maola onsewo palibe anawaitanira pamthunzi, ngakhale kuwapatsa madzi. Sanalowe. Anagwada panja, pakhomo penipeni.

"Mwanangu, muli ndi soda wa therere m'nyumba muno?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Nyemba zouma za chaka chatha zimafewa ndi soda. Nanga gaga ndi nsinjiro zingakanike? Kang'onong'ono chabe, m'madzi ofunda. Ukasiye m'katimo kanthawi."

"Ayambanso," anatero mayi wachikulire uja, osabisa n'komwe. "Choyamba chija sichinakwane?"

Amayi aang'ono sanamuyang'ane. Anapempha kapu. Mng'ono wanga anabweretsa kapepala ka soda kuchokera patsindwi, ndipo iwo anatsina pang'ono ndi zala ziwiri, nathira m'madzi ofunda, natakasa mpaka madziwo atayera. Anamwa theka. Anaika kapuyo pansi pakati pa iwo ndi ine, napinda manja pamiyendo.

"Tidikire," anatero. "Ngati muli kanthu, kayambe ine."

Ndinayang'ana amayi kuti andiuze chochita. Maso anali otseka, akupuma ndi pakamwa. Ndinayang'ana panja. Amjomba anali atatifulatira. Ndinatsegulanso pepala langa, ngati kuti mwina mwamera mzere wina. Za soda munalibe, zoletsa kapena zololeza. Ndinkadziwa kuti soda timadya m'therere sabata iliyonse ndipo palibe amafa naye. Ndinkadziwanso kuti zikalephereka, anthu adzati ndinalola mkazi yemweyo kuthira chinthu chachiwiri m'thupi mwa amayi anga, nditakaniza mwini mbumba.

Ndinatenga kapu ija. Ndinasefa madziwo kawiri, pakhomo pomwepo, onse akuona. Kenako ndinakoka pang'ono m'jakisoni.

Analowa ochepa kwambiri, mwina odzaza sipuni yaing'ono. Ndinapinda nsonga ya kapaipi n'kumanga ndi ulusi kuti asabwerere. Tinadikira. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, ndipo ndinaona amjomba akutawaza, kusamba kumaso ndi kumapazi ndi madzi a m'ketulo, n'kuyala chiguduli pansi pa mango pomwepo. Atamaliza kuswali ndinamasula ulusi n'kukoka. Munabwera timadzi totuwa, tochepa. Ndinataya, n'kuthira ena.

"Lowani," ndinawauza amayi aang'ono. "Mundigwirire apa."

Anazengereza, kenako anavula patapata n'kulowa chokwawa. Ndinawaonetsa mbali ya kapaipi imene inali kunja, kuchokera pamphuno kufika kunsonga, kuti aziifikisa pakati pa zala mofatsa, osakoka. Zala zawo zinali zokhakhala chifukwa chowamba nsomba, koma ankagwira ngati akugwira mchombo wa khanda. Ine ndinkakankha ndi kukoka, iwo n'kumafikisa.

Kachitatu m'jakisoni munabwera kachidutswa kofiirira, kakang'ono ngati nsabwe. Ndinakaonetsa kwa iwo. Anangogwedeza mutu, milomo ikuyenda, akupemphera chamumtima. Kachinayi munabwera tiwiri. Mikono inandiwawa, ndipo ndinkaopa kuti ndikakankha mopitirira, galasi liphulika m'manja mwanga kapena kapaipi kang'ambika m'kati mmene sindingaone. Ndinkawerenga mpaka khumi pokankha, mpaka khumi pokoka. Ntchentche zinkatera pamilomo ya amayi, ndipo mng'ono wanga ankaziingitsa ndi chivundikiro cha poto.

Kachisanu ndi chimodzi ndinakankha monga kale, osayembekezera kanthu. Mwadzidzidzi chala changa chinangopita chokha mpaka pansi, moti ndinatsala pang'ono kugwetsa jakisoni. Ndinaganiza kuti kapaipi kaphulika. Ndinayang'ana pamphuno, pakhosi, pamphasa, kufunafuna pamene madzi atayikira. Panali pouma.

Amayi anatsegula maso. Anaika dzanja pamimba.

"Afika," anatero. "Ofunda. Thira ena."

Ndinathira madzi okhaokha, pang'onopang'ono, majakisoni atatu, ndikupumira pakati monga anandiphunzitsira. Misozi inkanditsekereza kuona mizere ya pagalasi, ndiye ndinkapukuta ndi phewa. Mng'ono wanga anathamangira kukauza amjomba. Iwo anabwera mpaka pakhomo, nasuzumira, nati, "Alihamudulila," n'kubwerera kudooko osandiyang'ana.

Amayi aang'ono anatuluka mwakachetechete. Ndinawamva akutsuka bakuli lawo kuseri. Phala lotsala analithira m'khola la nkhuku. Atabwerera anagwadanso pakhomo n'kutsanzika. Amayi anawauza kuti agone, ulendo wa ku Nkhudzi ndi wautali ndipo galimoto kulibe. Iwo anati ali ndi mbale wawo wogwira ntchito kuhotela ku Makokola, akafika kumeneko wapansi.

"Achemwali, mundikhululukire. Sindimadziwa."

"Palibe mlandu," anatero amayi. "Munabwera. Mupereke moni kwa ana."

Mlendo kwathu amaperekezedwa mpaka pamphambano, ngakhale amene munakangana naye. Tsiku limenelo palibe ananyamuka. Amayi okalamba aja anangowayang'ana akudutsa. Ine ndinkafuna kuwaperekeza, koma ndinali ndi mkaka pamoto ndi jakisoni m'manja, ndipo amayi anali asanadye chiyambire m'mawa.

M'mawa mwake kuchitsime nkhani inali itapsa kale. "Wotseka ndi amene amadziwa potsegulira," ankatero. "Nanga za sodazo anazidziwa bwanji?" Nthawi imeneyi sanasinthe nkhani nditafika. Ankayembekeza kuti ndivomereze. Ndikanayenera kunena kuti phalalo linalibe kanthu koma gaga, kuti amene sanasefe ndine, kuti popanda mayi ameneyo tikanakhala tikukumba manda. Mawuwo ndinali nawo pakamwa. Ndinatunga madzi anga, ndinasenza, ndinachoka. Amayi aang'ono sanapondenso m'mudzi mwathu, ndipo mbiri imeneyo inawatsatira mpaka ku Nkhudzi. Ndinamva kuti anthu ena anasiya kugula nsomba zawo zowamba. Ndinali ndi mphamvu zogwira mkono wa amjomba, koma zolankhula pachitsime ndinalibe, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Amjomba anakhala mwezi wathunthu osandilankhula. Akafuna kudziwa za odwala ankafunsa mng'ono wanga, ine ndili pomwepo. Koma m'mawa uliwonse tinkapeza botolo la mkaka wa mbuzi zawo pakhonde.

Anthu sanasiye kubweretsa chakudya. Anabweretsa thobwa, msuzi wa nkhuku, phala la mpunga. Aliyense ndinkamulandira ndi manja awiri, kenako n'kuyala nsalu zanga pamaso pake n'kusefa. Ena ankakhumudwa. Mkazi wa shehe anandifunsa ngati ndikumuyesa mfiti, ndipo ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti ngakhale changa chomwe ndimasefa. Kapaipi kaja sikanatsekenso.

Amayi anakhala nafe miyezi itatu ina. Anaona mvula yoyamba, anatilozera pobzala mpunga ali pakhonde, ndipo anaphunzitsa mng'ono wanga kuluka mkeka mpaka anamaliza umodzi wokhota m'mbali. Anamwalira mu Januwale, chimanga chili m'mawondo, m'mawa wa Lachinayi, nditangomaliza kuwapatsa madzi ofunda omalizira chakudya choyamba cha tsikulo.